Kapaipi kamene ndinatseka pa thanki ya alamu anga

Imfa ya amuna a mlongo wanga inachokera m'manja mwanga, komabe mpaka lero mlongo wangayo amanditumizira mtedza akakolola. Ndinalakwa chifukwa cha manyazi, posafuna kuvomera kuti sindinkadziwa kuwerenga. Inu owerenga, makamaka amene mumagwira magalimoto a anzanu, ndimvereni.

Ndinali wowotcherera zitsulo pa Petauke, ndipo ngolo zambiri za ku Kalindawalo zinadutsa m'manja mwanga. Mlongo wanga Esinati anakwatiwa ku Nyimba kwa a Sakala. Alamu angawo anali ndi galimoto yakale ya petulo, yokoka ndi matayala onse anayi, imene inkatsika ku Nyalugwe kukatenga anthu, chimanga, nthawi zina odwala. Kumeneko kunalibe pomwetsera mafuta, choncho ankanyamula zigubu pakati pa miyendo ya anthu, amayi n'kumadandaula kuti ufa wawo ukununkha petulo.

Tsiku lina anabwera ndi thanki yochotsa pa galimoto ina yakufa, nati ndiimangirire pansi kuti azipita n'kubwerako osadalira zigubu. Malo amene inakwana anali pafupi ndi paipi ya utsi. Ndinaona kuti zayandikana, koma chala chitalowa pakati ndinati basi.

Pamwamba pa thankiyo panali kapaipi kakang'ono kosatseka, ndipo pambali pake panali kachitsulo kolembedwa mawu. Ndinayang'ana mawuwo nthawi yaitali ngati ndikuwerenga. Alamu sukulu anapitako, kungowaitana kukanakwana. Koma anthu ankanditcha injiniya, osadziwa kuti pa mapepala ndinkadinda chala. Ndinaganiza kuti galimoto ikamadumpha m'maenje petulo azitayikira pamenepo, fumbi n'kumalowa. Ndinafinya kapaipiko n'kukawotcherera. Kachitsulo kaja ndinakabenthula n'kukaponya m'chitini cha mabawuti, kuti pasapezeke wondifunsa zimene palembedwa.

Patapita milungu ingapo alamu anaima pamalo panga masana. Atapotokola chotsekera, thanki inafwemphera ngati mphiri yopondedwa.

"Alamu, mwandiikila njoka pansi pa motoka?" anatero akuseka.

"Ndiye kuti yatsekeka bwino. Olo dontho silingatayike," ndinayankha.

Nditasuzumira pansi ndinaona kuti mimba ya thankiyo yatukuka pang'ono. Ndinadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, osawauza zimene ndinaona.

Amene munafikako kuchigwa cha Nyalugwe mu Okutobala mukudziwa mmene dzuwa limaotchera. Tsiku lina mwezi umenewo alamu anadzaza mathanki onse awiri ku Nyimba. Opulumuka anati galimoto ikukwera chitunda anamva kulira ngati chikwapu pansi, kenako fungo, kenako moto. Alamu anatulutsa anthu onse, nabwerera kukanyamula mayi wina wodwala amene sankatha kuyenda. Mayiyo anapulumuka. Iwo anamwalira m'chipatala patapita masiku atatu.

Pamaliro anthu analoza a Mwanza, amene anakanganapo ndi malemuwo za malire a munda. Ankati moto wotulukira pansi pa galimoto dzuwa lili pamutu si moto wamba. Ine ndinali pomwepo, ndipo mtanda wachitsulo wa pamanda ndinawotcherera ndine. A Mwanza anasamuka ndi banja lawo, anakafera kwa eni. Thanki ija ndinkaikayikira, koma ndinkadzitonthoza kuti chenicheni sindikuchidziwa.

Sukulu ya akuluakulu pa tchalitchi chathu ndinalowa imvi zitandigwira kale. Ndinkauza anthu kuti ndikufuna kuwerenga Baibulo, koma chinkandikoka ndi chitini chija. Chaka chachitatu ndinachikhuthula, ndinakopera zilembozo papepala, n'kupita nazo kwa aphunzitsi athu, Amai Daka, poti zinali za Chingerezi.

"Akuti apa ndiye popumila, musatsekepo," anatero. "Mwazitenga kuti, bambo?"

Pamenepo ndinamvetsa zimene zinachitika. Petulo akatenthedwa amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ukasowa potulukira umang'amba msoko wa thanki. Pansi pa msokowo panali paipi ya utsi imene ndinayeza ndi chala.

Papita zaka zinayi chimvereni mawu amenewo, ndili chete. Esinati wakalamba, ndipo amaletsa zidzukulu zake kupatsa moni aliyense wa kwa a Mwanza. Sabata yatha thumba la mtedza lafikanso. Sindinalimasule.

Masiku ano ndikamadutsa pamsewu ndimaona magalimoto a m'tchire akuikidwa mathanki achiwiri, ena pansi, ena kumbuyo kwa mipando. Inu eni galimoto, pitani kwa munthu amene anaiphunzira ntchitoyi, mumufunse kuti thankiyo ipumira pati, ndiponso yatalikirana bwanji ndi paipi ya utsi. Ikafwemphera potsekula kapena ikatukuka, musakweze munthu. Inu amisiri anzanga, mukapeza mawu kapena kabowo kamene simukukadziwa, funsani, ngakhale akusekeni. Kusekedwako ine ndikanakuiwala kalekale.

Mawa ndikwera basi ya ku Nyimba, kachitsulo kali m'thumba la malaya. Mwina mtedza uwu ndi womaliza kulandira. Ndikamuika mlongo wanga kachitsuloko m'manja, ndimuuze amene anakabenthula, ndipo ndikapempha kuti aitane ana a Mwanza amvere nawo.