Anaika Bafa la Mudzi Wathu pa Tsamba 64

Anzanga, lero ndikuuzani za Shunpei. Mukafuna kundiseka sekani, ine ndinasiya kudziikira kumbuyo.

Tinakumana pa kasiteshoni kathu ka kumapiri, pomwe ndimagulitsa matikiti. Anatsika sitima ya 10 koloko, kamera ili pakhosi.

"Achemwali, kuno kuli chiyani choti munthu n'kuona?"

"Kulibe. Sitima yobwerera ndi ya 2 koloko."

Anaseka mpaka misozi. Kenako anandiuza kuti amalemba mabuku aja a malo oti munthu uwaone usanafe. Anafika ku Peru, ku Iceland, konsekonse... Ine woti ngakhale ku Tokyo ndinangopitako kamodzi ndi sukulu, mtima unangoti phwii.

Anayamba kubwera Loweruka lililonse, atanyamula makeke a nyemba ndi mapu.

"Chiharu, chaka chamawa ndikutengera uku," ankatero akuloza nyanja zomwe sindinazimvepo.

Tsono kwathu tili ndi bafa la madzi otentha otumphuka pansi, kanyumba ka matabwa kuseri kwa nsungwi. Ndi la mabanja 23 basi. Banja lililonse lili ndi kiyi mmodzi, timasinthana kukolopa, ndipo kiyi sabwereketsa kwa mlendo. Bambo anga anavulala msana pogwetsa mitengo. Madzi amenewo ndiye mankhwala awo a m'mawa uliwonse.

Shunpei atamva za bafalo, sanandipatsenso mpata wopuma.

"Kamodzi kokha, babe."

"Sizingatheke, ndiwe mlendo."

"Mlendo? Ine mkamwini wa mawa wa pamudzi pano?"

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Ndinam'patsa kiyi masana, anthu ali kuminda.

"Kamera usiye. Ndipo ulumbire kuti sulemba."

"Zathu ndi zathu, iwe."

Kamera anaisiyadi. Za foni ya m'thumba sindinaziganize, kupusa kwanga.

Mu April buku linatuluka. Ndinadziwira pa zenera la matikiti, atsikana awiri atanditambasulira tsamba 64.

"Tikufuna kuno, tidzere pati?"

Bafa lathu, anzanga. Kamapu ka njira yake. Ndi mawu pansi pake: "Mukacheza bwino ndi anthu a kuno, kiyi amabwereketsa."

Kucheza bwino! Miyezi isanu ndi iwiri ya moyo wanga, iye anaitcha kucheza bwino.

Pofika May alendo anali mbwee, kugogoda m'makomo kupempha kiyi, ena kusuzumira pa mipata ya matabwa azimayi akusamba. Ndinamuimbira foni.

"Shunpei, wandichita chiyani?"

"Iwe, mudzi wanu tsopano ukudziwika. Bwenzi mukundithokoza."

"Unalumbira."

"Dzina lako sindinalembe. Ndili pa airport, tikambirana ndikabwera."

Sanabwere. Nambala yanga anaibuloka sabata yomweyo.

Dzina langa sanalembedi. Koma pakona ya chithunzicho panali kachidebe ka bambo kosambira, dzina la banja lathu likuwerengeka bwinobwino.

Pamsonkhano wa mabanja, Mayi Hirasawa, amene amasunga ndandanda ya okolopa, anangoika bukulo patebulo. Ndinati ndiimirire, bambo anandigwira mkono. Anagwada okha, ndi msana wawo uja, chipumi mpaka pamphasa.

"Kiyi ndinabwereketsa ndine. Pepani nonse."

Aliyense ankadziwa kuti akunama. Anagwirizana kuti banja lathu likhale zaka zitatu osalowamo, ndipo bambo anapereka kiyi ndi manja awiri. Poti adzuke, msana unakana. Anawadzutsa ndi anthu omwewo amene ankawapepesa.

Mpaka lero bambo sanandifunsepo kalikonse, ndipo kukhala chete kwawoko kumandidya kuposa kukalipa.

Anzanga, mwamuna akatchula ukwati pofuna chinthu chomwe si chanu nokha, dziwani kuti olipira adzakhala ena. Shunpei ndamva ali ku Nepal, buku lake alisindikizanso kachitatu. Bambo anga amadzuka pogona mochita kugwira khoma.