Mbuzi ya pa Ukwati wa a Zelifa

Amene anagulako nyemba za kalongonda pamsika wa Migowi akuwadziwa a Zelifa, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene amakuthirira banyira kwinaku akukukalipira kuti wawonda. Anabadwira ku Kaduya, pamalo a amayi awo, ndipo ndi pomwepo pamene anawapeza a Tobias, mnyamata wokonza njinga wochokera kutsinde kwa phiri la Michesi. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, nkhuku inaphedwa, a Tobias anamanga nyumba kuchikamwini n'kupatsidwa munda. Anabereka ana, ena anawaika m'manda limodzi, napolo atabwera anathawa atagwirana manja. Ukwati umenewu panalibe anaukayikirapo m'mudzi monse.

Matipate atalowa, sizinali zipani zokha zimene zinachuluka. Mipingo nayo inamera ngati bonongwe wa mvula yoyamba. Tsiku lina kunabwera mnyamata wa ku Blantyre, dzina lake Goodman, atanyamula kanema ndi batire ya galimoto, n'kuyamba kuonetsa pakhonde la sitolo. M'kanemamo munali mlaliki wa ku Nigeria amene anthu ake ankangomutchula kuti Papa. Mpingo wake unali ndi nthambi mpaka ku Mangalande, ndipo azungu enieni ankaoneka atagwada, munthu wakuda akuwasanjika manja.

A Zelifa, amene anaima pomwepo pochokera kumsika, anaiwala beseni lawo la malonda. Iwo anali atasiya kale tchalitchi cha mishoni ndi mtima wowawa, chifukwa amayi awo anaimitsidwa mgonero mpaka kufa kamba kovina tchopa pamwambo wa kwawo.

"Muluku wanga, Mulungu wanga!" anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Uyu ndiye wathu. Uyu satifunsa za ng'oma zathu, ngwakuda mnzathu uyu."

Sabata yotsatira mpingo unayambira pansi pa mtengo wawo wa mango. Malo omangapo tchalitchi anadula kumunda kwawo. Njerwa anaumba a Tobias, madzi ankatunga a Zelifa ndi amayi anzawo, ndipo Goodman yemweyo anagona m'nyumba mwawo ngati mwana mpaka tchalitchi chinafoleredwa. A Zelifa anakhala mtsogoleri wa amayi, malo awo benchi la kutsogolo, a Tobias pambali pawo atavala jekete lawo limodzi lokhalo.

Kenako Goodman anatumizidwa ku likulu la mpingo ku Nigeria kukaphunzira. Anabwerako ali Abusa, suti yonyezimira, Chingelezi chake chitasintha kamvekedwe. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kameneka kanacheka eni nyumba. Lamulungu lina anaima paguwa n'kunena kuti Papa waphunzitsa: ukwati umene mwamuna sanapereke malowolo kwa makolo a mkazi si ukwati, n'chigololo chabe chofolera denga.

Tangoganizani! Kwawo kwa Papa amalowola, n'zoona, ndi mwambo wawo ndipo ngwabwino kwa iwowo. Koma kuno mwamuna amalipira ndi khasu, ndi thukuta, ndi moyo wake wonse pamudzi wa eni. Goodman ankazidziwa bwino zimenezi, pajatu mayi ake omwe anakwatiwa chimodzimodzi. Anangoona kuti mawu ochokera kutali ndi olemera kuposa a ankhoswe.

Mapemphero atatha a Zelifa anamutsekera njira pakhomo.

"Abusa, ine ndi bambo anuwa, adzukulu ali bwalo lonse, mukuti ndife achigololo?"

"Amayi, si ine, ndi malamulo a mpingo wa dziko lonse. Mungokonza, basi. Pakadali pano muzikhala kaye kumbuyo, utsogoleri agwirizire ena."

"Kumbuyo kwa tchalitchi chimene ndinasenzera madzi ine?"

Anakhaladi kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ofika mochedwa ndi amayi a ana olira. Sanasiye kupita. Ankati akasiya ndiye kuti avomera mlanduwo. Koma kunyumba mkwiyo wawo unkaphulikira pa mbale ndi pa nkhuku, ndipo a Tobias, munthu wofatsa amene sankatha kuona mkazi wake akuvutika, anaganiza zokonza okha. Sanauze munthu. Anagulitsa njinga yawo, n'kugula mbuzi yaikazi yonenepa, n'kuikokera kwa a Kaliati, malume a a Zelifa, mwinimbumba amene anali nkhoswe pa ukwatiwo.

A Kaliati anali kusenda chinangwa. Anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana mkamwini.

"Imeneyi yadwala, mukufuna mankhwala?"

"Iyayi malume. Ndi ya... ndi malowolo a mayi a kunyumba."

Mpeni unagwa pansi. Kuno munthu akalowola mkazi ndiye kuti watenga ndi ana omwe, akhala a kuchimuna. A Tobias m'mutu mwawo munali benchi lokha, koma a Kaliati anamva kuti mkamwini wabwera kudzagula mbumba.

"Iwe Tobias! Tinakupatsa munda, tinakupatsa mwana wathu ulere, lero wakhuta ukuti ugule mtundu wanga ndi mbuzi? Zelifa ndi wa pamsika? Choka nayo, ndisanaitane anthu!"

Anthu sanachite kuitanidwa. A Tobias anadutsa m'mudzi monse akukoka mbuzi yokanidwa, iyo ikulira, akazi pachitsime ataphimba pakamwa. Pofika madzulo achinyamata anali atayamba kuwalirira "mee" akamadutsa. Ndipo kunyumba, m'malo mowalandira, a Zelifa anawathira mawu.

"Ndiye mwavomereza kuti zaka zonsezi ndinali chibwenzi chanu? Mtengo wanga ndi mbuzi imodzi?"

A Tobias anangomangirira mbuzi ija pamtengo. M'mawa anamanga kachikwama n'kunena kuti akukaona alongo awo ku Michesi, mphepo ikadutse. A Zelifa anawasiya apite. Ankati amene wachoka ndi miyendo yake abwera ndi miyendo yake, ndiponso nandolo anali atauma m'munda, wofunika kukolola. Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi wa chiperoni a Tobias anagwidwa chibayo m'kanyumba kopanda chitseko, ndipo uthenga utafika ku Kaduya, a Zelifa anakwera kabaza n'kukapeza anthu atayamba kale kudula masamba oika pamsewu.

Mwambo wa maliro anayendetsa Abusa Goodman, popeza malemu anali membala. Analalikira bwino, osanama. Koma pofika potchula osiyidwa, anatchula ana, adzukulu, alongo, kenako anakhosomola n'kunena kuti, "ndi mlongo wathu Zelifa, amene ankakhala nawo."

Amene ankakhala nawo! Mkazi atasweka kale mtima, atakhala pambali pa bokosi, n'kumuchotsa umasiye pamaso pa anthu a midzi iwiri! A Kaliati, amene manyazi anali atawadya chiyambire tsiku la mbuzi lija, anadzuka ndi ndodo yawo.

"Abusa, ameneyo ndi mkazi wake. Nkhoswe ndine. Nkhuku yake ndinadya ine."

Koma chokuzira mawu chinali m'manja mwa Abusa, ndipo kwaya inayamba nyimbo.

A Zelifa sanagumule tchalitchi, ngakhale achibale anawauza kuti malo ndi awo. Ankati njerwazo zili ndi zala za a Tobias. Anangosiya kulowamo. Lamulungu ankakhala pansi pa mango paja ndi Baibulo lawo, nyimbo za m'tchalitchimo zikuwapeza pomwepo. Mbuzi ija anaisunga, inaswa, khola linadzaza, koma sanadyepo kapena kugulitsapo ngakhale imodzi.

Mpingo unapitirira kukula. Padenga anaikapo dishi, ndipo Papa ankalalikira yekha pa kanema kuchokera kwawo. Patapita mvula zingapo, pamsonkhano waukulu wa atsogoleri a m'maiko onse, Papa analengeza kuti Mzimu wamuunikira: mitundu ili ndi miyambo yosiyana, ndipo ukwati uliwonse umene makolo a mbali ziwiri anavomereza ndi woyera pamaso pa Mulungu. Ku Kaduya anthu anaimba nthungululu, ena mwa iwo omwe aja ankaphimba pakamwa pachitsime.

Abusa Goodman sanadikire n'komwe kuti mapemphero athe. Anatuluka akumwetulira, manja ali m'mwamba, n'kulunjika pamtengo wa mango.

"Amayi, uthenga wabwino! Papa wamasula. Ukwati wanu ndi wovomerezeka. Bwererani kutsogolo, malo anu alipo."

A Zelifa anatseka Baibulo mosafulumira. Anadzuka, n'kupita kukhola, n'kumasula mbuzi yokalamba ija. Chingwe anachiika m'dzanja la Abusa, pamwamba pa wotchi yagolide.

"Ine ndinkadziwa kale, mwana wanga. Amene sankadziwa ndi mwini mbuziyi. Njira ya ku Michesi mukuidziwa, munawaika ndinu. Pitani mukawauze."