Mirlande ndi Zitsa za Powo

Tsiku limene mwana wake Nadège anakomoka ali pamzere kusukulu, Mirlande Désir anali atatheratu. Mwamuna wake anali atamwalira, munda wawo wa pa phiri la Kenscoff utakokoloka ndi namondwe.

Kuchipatala, namwino anayang'ana m'maso mwa mtsikanayo n'kupukusa mutu.

"Mayi, magazi achepa. Mankhwala ndi awa, koma asamamwere panjala. Azidya nyemba ndi masamba. Powo wa kwanu uja musamuderere, ali ndi ayironi komanso mavitamini othandiza kupanga magazi."

Powo, m'bale wake wa anyezi, wa masamba aatali ophwatalala, Mirlande ankalima kale, koma wogulitsa basi. Tsopano analibe ndi mbewu yomwe.

Anapita kumsika n'kuyamba kutola zitsa za powo zamizu zimene amalonda ankadula n'kutaya.

"Amake Nadège, mwayamba kulimbirana ndi nkhumba kodi?" anakuwa Clermène, mayi wogulitsa karoti, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

"Sekani achemwali, mano ndi anu," anayankha Mirlande. "Koma sunthani phazilo, mwandipondera chitsa."

Misozi inalengeza, koma dengu anadzaza.

Anabzala zitsazo, mvula n'kukokolola. Anasenza miyala mpaka khosi kuuma, namanga milambala, nabzalanso. Mbuzi za eni zinalowa n'kumweta zonse. Anakhala pansi n'kulira mokweza, kenako anapukuta nkhope ndi mpango, nakadula minga yotchingira. Ulendo wachitatu, mundawo unabiriwira.

Kuyambira pamenepo powo sankasowa mumphika: m'nyemba, mumpunga, mu supu wa dzungu.

"Amayi, leronso? Ine ndimera masamba m'mutu!" ankadandaula Nadège.

"Mera, ndikakugulitse kumsika wa ku Pétion-Ville. Idya!"

Pang'onopang'ono milomo yotuwa ya Nadège inabwerera mwakale. Chizungulire chinatha. Tsiku lina Mirlande akupalira, anaona mwana wake akukwera chitunda chothamanga, chikwama chili kumsana, osapumira. Anaponya khasu pansi n'kuvina yekhayekha pakati pa mizere.

Powo wina anamusiya kuti achite maluwa, napeza mbewu yakeyake. Lero amalima munda wawo wonse wa paphiri uja, ndipo sukulu za m'deralo zimagula kwa iye ndiwo zophikira ana.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwagwa kawiri ndipo anthu akuseka. Lirani, palibe choletsa. Koma musataye mtima. Mukatha kulira, dzukani mukabzalenso.