Mipando Yofiira ya Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la sopo, viniga ndi nyuzipepala yonyowa, losakanikirana ndi utsi wa mbaula wochokera kuseri kwa nyumba yathu ku Kapata, Loweruka m'mawa dzuwa lisanafike pansi pa mtengo wa mango pomwe ankaimika galimoto yawo. Inali nkhalamba ya galimoto, yobiriwira, imene anagula atapuma udalaivala ku kampani ya thonje. Kulira inkalira ikafuna, koma kuwala kokha palibe inkaiposa m'Chipata monse.

Ankaisambitsa ngati khanda, kuyambira padenga kutsika m'munsi, ndowa ziwiri zili pambali, ina ya thovu, ina yotsukuluzira nsalu. Nsalu ikagwa pansi, ntchito yake yathera pomwepo. "Kamchenga kamodzi kamakanda penti mpaka kumchira," ankatero. Padzuwa sankatsukira, ati sopo amaumira pathupi n'kusiya mawanga. Magalasi ankapukuta ndi nyuzipepala yoviika m'madzi a viniga, ndipo ine, wodzitcha katswiri wowerenga, ndinkawachonderera kuti ndimalize kaye tsambalo lisananyowe. N'chifukwa chake nkhani zambiri za m'ma 1990 ndimazidziwa theka lokha.

Chaka china mu Okutobala, azakhali Aginesi, mwana wawo womaliza, ankakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Kasenengwa. Akuchimuna anati apeza galimoto ya mkwatibwi. Agogo anakana. "Mwana wanga akwere motoka ya eni, ine ndili moyo?" Ine anandiika pamzere, ndi buluku loyera logula pasalaula, pamsika wa zovala zakale, ndipo ndinali woti ndikhale pambali pa azakhali nditagwira velo. Kusukulu panalibe amene sanamve.

Vuto linali mipando. Kale inali yofiirira, koma dzuwa linaitumbulula. Lachisanu agogo anaima n'kuyang'anitsitsa khonde lathu mmene linkanyezimira, kenako anatola chitini cha polishi wofiira wa pansi.

"Abambo, zimenezo n'za simenti," anatero agogo aakazi.

"Chofiira n'chofiira, amayi. Inu samalani khonde, motoka musiyire ine."

Anapaka, anakwecha ndi burashi, mipando inawala ngati yatsopano. M'mawa tinanyamuka mawindo ali chitsekere kuopa fumbi la mumsewu wa Kasenengwa. M'katimo munatentha ngati m'uvuni. Ndinkamva buluku likumatirira pampando, koma ndinkati ndi thukuta.

Titafika pa tchalitchi, azimayi anatizinga ndi nthungululu. Agogo anatsika, anatsegula chitseko mwaulemu wonse wa dalaivala wa mabwana, azakhali n'kutuluka. Nthungululu ija inaduka pakati. Diresi loyera lija, kuyambira m'mapewa mpaka m'munsi, linali psuu.

"Iii, apongozi athu achokera kubucha kodi?" anatero mayi wina wa kuchimuna.

"Onani kamnyamatako," anakuwa wina. "Kumbuyo ngati nyani!"

Ndinayenda chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma la tchalitchi, ndipo ndinamatirira pomwepo. Ndinkafuna anthu aiwale kuti ndine mdzukulu wa ndani.

Agogo anayang'ana diresi, anayang'ana mpando. Anavula chipewa. Kenako munthu amene sankalola fumbi ngakhale pa tayala anagwada m'fumbi ndi suti yawo, pamaso pa akuchimuna onse, patsogolo pa mwana wobala okha.

"Aginesi, mwana wanga, ndakuvula pagulu. Amayi ako anandiuza, ine sindinamve."

Azakhali anawayang'ana atate awo. Tonse tinkadikira kuti alire, koma iwo anati:

"Atate, dzukani. Mukufuna tilowe m'tchalitchi tonse awiri tili akuda? Anthu adziwa bwanji mkwatibwi?"

Anthu anaseka, kuseka kwina tsopano. Mayi uja wonena za bucha ndi amene anamasula chitenje chake chatsopano n'kuwafunditsa azakhali kumapewa, wina anawamanga china m'chiuno, ndipo ukwati unamangidwa choncho. Agogo anamuperekeza mwana wawo mpaka kuguwa, mawondo ali mbuu. Misa itangotha anabwereka ndowa kwa akatekisiti, anapempha madzi ofunda ndi sopo, n'kukankhira galimoto kuseri, pamthunzi. Anakwecha mipando ija, akumapsinja mpango wawo woyera pampando kuti aone ngati ukutengabe mtundu, mpaka unatuluka woyera. Mkwatibwi anapita kumadyerero pa galimoto ya atate ake, atakhalira thawulo.

Agogo anamwalira kalekale. Chomwe ndinasunga ndi chithunzi cha tsikulo, chojambulidwa pakhomo pa tchalitchi. Azakhali akumwetulira m'zitenje ziwiri zosiyana. Ine ndili kumapeto, msana kukhoma, nkhope ngati ndameza ndimu. Agogo mulibe. Wojambula anawaitana kangapo, iwo anayankhira kuseri komweko, manja ali m'thovu, kuti mwana wawo sanapeze pokhala. Ana anga akandifunsa kuti agogo ali pati pachithunzipo, ndimaloza khoma limene ndinabisalira lija n'kunena kuti ali kuseri kwakeko, akugwira ntchito.