Chitseko chanu chija, amalume

Lero mdzukulu wanga wandionetsa pafoni anyamata akuseweretsa mafunde a nyanja yamchere ataima pathabwa, ndiye ndakumbuka inu, amalume. Mutabwerako ku Debeni, kugombe la nyanjayo komwe munkanyamulira azungu matabwa awo koma inu osaloledwa kuponda m'madzimo, munazula chitseko cha nyumba yanu n'kukachigoneka pamchenga wa Rivirivi, mtsinje utaphwa. Munati, "Gona chafufumimba, mphwanga. Palasa ndi manja. Funde likakukankha dzuka kamodzin'kamodzi, mawondo opinda. Iyayi, usayang'ane mapazi, yang'ana komwe ukupita!" Ndinagwa chagada pamchenga wouma, inu n'kuseka mpaka misozi.

Kenaka anatulukira anyamata a malaya ofiira aja, ofunsa makadi a chipani. Akuti mukuphunzitsa ana kukwawa ngati zigawenga. Zigawenga pachitseko! Anakuwombani makofi ine ndikuona, ana oti munawaona akuyamwa. Anakakutsekerani kundende. Atakutulutsani simunatchulenso za nyanja, ndipo munapita kumanda musanakwerepo funde ngakhale limodzi. Chitseko chija anakachikhoma pachimbudzi cha tcheyamani wawo ku Phalula. Tcheyamaniyo anamwalira kalekale, amalume, koma ndikadutsa pabwinja pakepo ndimalavulabe.