Beseni pa Kabokosi ka Asiyatu

Ine mumandidziwa, woimba popeta mpunga, woimba ndi pamaliro pomwe. Koma nyimbo iyi yokha imandikakamira pakhosi.

Mdzukulu wanga Asiyatu anaphunzira zamakompyuta. A kampani ina ya ku Lilongwe anamuuza kuti mafunso a ntchito adzamufunsa pa intaneti, Lachinayi masana. Masiku atatu mwanayo anali pa chikompyuta chakale, kulemba timawu toyera pagalasi lakuda, kunyengerera Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, kuti igwirizane ndi kakhadi ka wayifayi. Zitatheka ndinavina, ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Kabokosi ka nyanga ziwiri kotumiza wayifayiyo anakaika kuchipinda kwanga, pawindo, poti netiweki imagwira pamenepo.

Lachinayi mvula inabwera ndi ziphaliwali, kabokosi kali phethiphethi ndi kamoto kofiira. Ife tinakula tikudziwa kuti chofiira chimaitana mphenzi. Ndinakatsitsa pansi, n'kukavindikira ndi beseni lachitsulo, n'kukhalapo.

"Agogo, intaneti yaduka, mwakhudza kabokosi?" anafunsa Asiyatu ali pabalaza.

"Ine? Ndikhudze zachizungu ine?"

Anandikhulupirira. Ndinkamva zala zake zikugogoda, kufufuta, kuyambiranso, akutukwana kakhadi kosalakwa. Ine phee pabeseni ngati nkhuku yofungatira mazira. Mvula itakata ndinakabwezera pawindo, nthawi ya mafunso itapita kale.

Lero Asiyatu amagulitsa mpunga pamsika wa pa Benga. Anthu akamubweretsera makompyuta amawabweza, amati, "Ine Linux inandikana, mutu wanga ndi wochepa."

Ndiye ine, mayi wa mayi ake, ndimangoti, "Pepa mwanawe, zamagetsi n'zovuta."