Chala cha a Jere M'mphepete mwa Chithunzi

A Israel Jere sankayamba ndi mitu ya nkhani. Akalandira nyuzipepala, kaya yalero kaya yokulungira tomato, ankaiyala pabondo n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa chithunzi chilichonse, kufuna timalemba tonena amene anajambula. Akalipeza dzinalo ankalitchula mokweza ngati akupereka moni. Akapanda kulipeza ankangoti, "Chamasiye ichi."

A Benson Mbewe, amene nyumba yawo inayang'anana ndi ya a Jere ku Kapata, anaziona zimenezi zaka zambiri. Iwo pakhonde pa a Jere ankabwera kudzakhala, osati kudzalankhula.

A Jere anali mphunzitsi wophunzira ku mishoni, kumene pepala lopanda dzina silinkachongedwa. Atapuma pa ntchito anagula kamera. Ankapalasa njinga kukajambula maukwati, alimi a thonje ku Kasenengwa ndi magule a mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Intaneti itafika m'tauni, anaphunzira kuika zithunzi zawo pa tsamba limene aliyense amatenga ulere. Lamulo lake linali limodzi lokha: wotengayo atchule dzina la wojambula.

"Ndiye thukuta lonseli mukungogawa, a Jere?" anafunsa a Mbewe.

"Ndikugawa chithunzi, a Mbewe. Dzina sindinagawe."

Anthu anatengadi. Zithunzizo zinayamba kutuluka m'manyuzipepala ndi pa wailesi yakanema, pansi pake atalemba kuti, "Chithunzi: Intaneti." Poyamba a Jere ankaseka.

"Intanetiyu ali ndi njinga yolimba. Kulikonse kumene ndinafika, iye anafikako."

Kuseka kunatha pa chithunzi cha akazi awo, a Hellen. Anawajambula kumudzi kwawo ku Kasenengwa chaka chimene anamwalira, akupeta mtedza palichero, makoko ali m'mwamba, iwo akuseka chifukwa mphepo inatembenuka n'kuwathira amuna awo kumaso. Nyuzipepala ina ya ku Lusaka inachitenga, inadula m'mphepete, n'kudinda chizindikiro chake pachitenje cha a Hellen. Pansi inalemba kuti ndi mayi wina wakumudzi wovutika ndi njala. Ena onse amene anakopera pambuyo pake anasunga mwambo bwinobwino: ankatchula nyuzipepala ija.

A Jere anaimba foni ku nyuzipepalayo a Mbewe ali pomwepo.

"Adadi, zinthu za pa intaneti n'za aliyense," anatero mkonzi wa kumeneko.

"Inde, n'za aliyense. Ndine ndinanena zimenezo. Ndikungopempha mzere umodzi, ndiponso mayiyo ali ndi dzina, ndipo njala analibe."

"Chabwino adadi, tiona."

Anaimbanso kangapo. Ankawalandira anthu osiyanasiyana, onse aulemu, ndipo aliyense ankafuna nkhaniyo kuyambira pachiyambi.

Tsiku lina kunabwera a Millicent a chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, kudzawaona. Anaima pabalaza n'kuyang'ana chithunzi chija pakhoma.

"Mwachita bwino kuchidula m'nyuzi, bambo. Koma anthu a ku Lusaka amadziwa kujambula! Amayi ngati alankhula."

A Jere anangothokoza chifukwa cha shuga amene mayiwo anabweretsa. Kuyambira pamenepo kamera inakhala m'kabati, ndipo njinga inaphwa matayala kuseri kwa nyumba. Pa Ncwala ankangomvera pa wailesi. Nyuzipepala zokha sanasiye, ngakhale maso atayamba kuchita ng'ala.

Mu Juni, mphepo ikuwomba kuchokera kumapiri, a Mbewe anagula tinsomba ta kapenta ku msika wa Kapata. Pofika kunyumba anaona kuti pepala lokulungiralo lili ndi nkhope ya a Hellen, pa nkhani ina ya mtengo wa mtedza. Anaganiza zoliponya pamoto. Koma analiwongola, n'kuwoloka nalo msewu.

A Jere anali pakhonde atafunda bulangete. Analandira pepalalo, analiyala pabondo, analiyandikiza kumaso mpaka anazindikira lichero. Chala chinatsika m'mphepete pang'onopang'ono, chinakhota pakona, n'kuima.

"Pali timalemba apa. Tandiwerengerani, a Mbewe."

Linali dzina la nyuzipepala ija. A Mbewe anatenga pepalalo, anasolola bolopeni m'thumba la jekete, anafafaniza mzerewo n'kulemba wawo, akutsamiritsa pabondo. Kenako anawerenga.

"Hellen Jere, Kasenengwa. Wojambula, Israel Jere."

Anabweza pepalalo. Chala chija chinabwerera pamalo pake n'kupeza mizere imene bolopeni inakanda.

"Makina a ku Lusaka masiku ano akudinda mwamphamvu, a Mbewe."

"Eya."

A Jere sanachotse chala pamenepo. Kenako anatchula mayina onse awiri mokweza, la akazi awo poyamba. Pepalalo linkanunkha kapenta, koma analipinda n'kuliika m'thumba la malaya.

Mawa lake mwana wa a Jere anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Lusaka kuti akaonetse maso, ndipo ku Kapata sanabwererenso.